Madzi Ali Bwanji Lero?

Ndimafika kuitana kwa ku mzikiti kusanathe,
phiri la Kanjala likadafunda nkhungu
ngati mlonda wogona pa ntchito.
Ndimakoka lona pa dziwe la pa loji,
ndivuule masamba, njenjete, chule mmodzi wamakani,
kenako ndiponye themomita m'madzi,
yomangidwa ku chingwe cha nsapato.

Woyamba ndi Khuzwayo Jere wa ku banki,
thaulo m'khosi, magalasi osambirira pamphumi,
moni alibe.
"A Sandikonda, ali bwanji lero?"
Iyeyu amafuna madzi oluma,
oti akalumphiramo mano agundane.
Akuti akafunda iye amasanduka ntchentche yogwera mu tiyi,
pofika ulendo wachikhumi mutu walemera,
thukuta likutuluka m'madzi momwemo, osaliona.
Apita, abwera, apita, abwera,
maulendo makumi anayi,
akafika ku khoma agudubuka, aliponda
ngati lili naye ngongole.

Eyiti koloko ndi ya Mayi Zelipa Njobvu,
anali namwino zaka makumi atatu,
m'chiuno mwawo muli chitsulo
chiyambire tsiku basi inagona chammbali kupitirira Kacholola.
Amatuma kaye chala cha kuphazi kuti chikazonde.
"Mwanawe, chitsulo sichinama.
Akazizira, chimandifotokozera usiku wonse."
Iwo amafuna twente naini, kaya sate.
Amasambira chagada, mosathamanga,
kuwerenga anamzeze m'malo mwa maulendo.

Abwana nawo amafuna bilu yowonda.
Malaiti amapita osatsazika.
Mapaipi akuda a padenga amadikira dzuwa,
koma dzuwa la Juni limadzuka mochedwa
ndipo limaweruka msanga.

Dziwe ndi limodzi.
Mpeni wodulira madzi pakati ndilibe.

Tsono imvani, zithere pompano:
themomita inafa mu Epulo.
Mwana wa alendo anaiponda,
kamzere kofiira kanaima pa twente seveni
ndipo sikanasunthenso.
Ndinalemba m'buku katatu. Buku silipita ku sitolo.

Ndimaiponyabe, ndiivuule, ndiyang'ane nditatsinzina diso limodzi,
koma woyeza weniweni ndi chigongono changa,
monga amachitira mkazi wanga Tisaine
asanaike khanda m'beseni.

"Twente faifi, a Jere."
Phuvu! Atuluka kutsidya akuphipha madzi,
"Awa ndiye madzi, mdala!"
"Twente naini, amayi."
Atsika masitepe atagwira chitsulo china, cha m'mbali,
nkhope iphwa,
"Eya, lero chagona."

Ndi bodza kodi?
Pakati pa awiriwa pamadutsa maola awiri a dzuwa.
Ochepa, inde, koma amadutsa.
Zotsalazo thupi limadziwonjezera lokha
likamva nambala yomwe limaikonda.

Okutobala ndiye amandiulula.
Madzi amatentha ngati osambitsira wodwala,
a Jere amafunsa mtengo wa ayezi ku Kapata,
mayi aja nawo amati, "Ayi, apa mwanyanya,"
ngati ndine ndasonkhezera kumwamba.
Mwezi umenewo wokha ndi pomwe amagwirizana,
atakhala pa benchi imodzi, kundidandaula.

Ine ndinaphunzirira mu Lutembwe,
ng'ombe zikumwa chakumtunda,
kabudula titabisa pa chitsamba.
Madigiri sitinkawadziwa.
Tinkangodziwa kuti milomo ikachita mbuu
ndi nthawi yokagona pa thanthwe,
ndi kuti amalume akatulukira ndi kamtengo
madzi onse amakhala bwino kudumphiramo.

Madzulo, geti ikatsekedwa,
njinga zomaliza zikutsika ndi matumba opanda kanthu,
ndimavula yunifomu, ndiipachike pa ukonde wovuulira masamba,
ndilowe pang'onopang'ono, osachita phokoso.
Ulendo umodzi basi,
mutu pamwamba, manja akupalasa ngati galu,
kasambiridwe koti a Jere angaseke mpaka kutsamwa.

Pakati pa dziwe ndimaima, chibwano pa madzi.
Tsiku lonse lili momwemo:
kuzizira kwa m'mawa kwatsikira ku mapazi,
dzuwa la masana latsalira m'mapewa.
Onse awiri akanabwera tsopano
aliyense akanapeza ake.

Ndimatuluka, ndikoke lona,
ndilembe m'buku: twente seveni.